Maina Amene Mayi Anga Ankamvera

Ndinachoka kwathu chaka chimene mayi anga anagula mabatire atsopano pachabe. Ndinali nditalemba mayeso a Sitandade 8, ndipo masiku amenewo maina a ana osankhidwa kupita ku sekondale ankawawerenga pa wailesi, boma ndi boma, sukulu ndi sukulu. Mayi anatulutsa wailesi pabwalo, anayala mphasa ziwiri, n'kuitana oyandikana nafe. Tambala anali atamumangirira kale mwendo pamtengo wa mpoza, akudikira mpeni. Wowerenga uja anafika pa sukulu yathu, anatchula maina awiri, n'kudumphira sukulu ina ngati munthu wolumpha ngalande. Ndinali nditakhoza koma osasankhidwa, ndipo kwathu kukhoza kotere ndi kulephera kovala taye. Anthu ananyamuka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira ntchito imene anaisiya kunyumba. Mayi anangomasula tambala uja. Ndikanakonda akanandikalipira.

Amalume anga, a Gondoloza, anali munthu wodziwa zinthu zonse kupatula za munda wawo. Iwo ndiwo anabweretsa nzeru. Anati akuluakulu a mayeso akaona dzina la wobwereza amaliika pansi pa mulu, choncho mwana wochenjera sabwereza ndi dzina lake: amapita ku sukulu yakutali, n'kutenga dzina lina, n'kuchepetsako zaka. Ngati zinali zoona sindidziwa mpaka lero, koma anthu ankachita, ndipo aphunzitsi aakulu ena ankangoyang'ana kumbali. Mayi anavomera, koma anapempha chinthu chimodzi.

"Dzina lililonse limene ungatenge uzinditumizira," anatero. "Ndidziwe choti ndizimvera."

Ndinayenda masiku amene sindinawawerenge, mpaka ndinafika m'mudzi wina wofiira, kumene ngakhale nkhuku zinali ndi fumbi la njerwa. Kumeneko ndinali Yotamu. Ndinkakhala kwa a Kamtedza, mmisiri woumba njerwa, amene anandilola kugona m'khitchini mwawo bola ndiziwapondera dothi ndikaweruka kusukulu. Ndinaphunzira kuponda mpaka dothi lileke kulira pansi pa phazi, kumenya chikombole kamodzi kokha kuti chidina, njerwa yaiwisi, chituluke chosapindika, ndi kusanja uvuni mosiya njira za moto. M'kalasi ndinali patsogolo pa onse. Zimenezo sizinali zonyaditsa, popeza ndinkangomeza chakudya chimene ndinali nditatafuna kale. Ndinalembera mayi kalata, ndipo ndinamva kuti amene anawawerengera anabwereza dzinalo katatu mpaka analigwira.

Pasukulupo panali mtengo wa kesha, ndipo panthambi yake panapachikidwa chitsulo cha gudumu la galimoto chimene chinali belu lathu. Tsiku la mayeso chitsulocho chinalira, tinafola pamzere, ndipo pakhomo panaima woyang'anira mayeso, bambo wovala jekete ya bulauni, akuitana manambala. Patsogolo panga panali ana asanu ndi awiri, kenako anayi, kenako awiri. Pamenepo ndinamva m'makutu mwanga mawu a wowerenga wa pa wailesi uja akundidumpha. Ndinapempha kupita kuchimbudzi. Ndinadutsa kuseri kwake, ndinalowa m'munda wa chinangwa, n'kutulukira kudzenje la dothi. Kumeneko ndinakhala masiku onse atatu a mayeso, kuchoka pakhomo m'mawa ndi kubwerera masana monga mwana wasukulu aliyense.

Ndili m'dzenjemo ndinadzipezera mawu ondikhazika mtima pansi: wosalemba sanalephere. Mawu amenewa ndinawakonda kwambiri, ndipo anandisunga zaka zambiri monga mmene mowa umasungira munthu. A Kamtedza anaona matope pa kabudula wa yunifomu koma sanafunse. Tsiku lina tinadutsa pa mulu wa zidina zimene mwini wake anazengereza kuotcha mpaka mvula yoyamba inazipeza. Anapondapo ndi phazi, phazilo n'kulowa. Anati munthu ameneyu ankaopa kuti zina zisweka m'moto, ndiye taona mwayi wake, palibe chimene chasweka. Ndinaseka nawo, ndipo m'mawa mwake ndinanyamuka iwo asanadzuke.

Msewu unanditengera ku tauni ina ya m'mbali mwa njanji, kumene sitima inkadutsa kawiri pa sabata koma anthu ankaiyembekezera tsiku lililonse. Kumeneko ndinali Filimoni, ndipo zaka zanga zinabwerera m'mbuyo ndi ziwiri. Ndinagwira ntchito kwa bambo wina wokhoma zidebe, wosowa chala chimodzi. Ndinaphunzira kudula malata, kupinda m'mphepete, ndi kukhoma msoko kuti madzi asapeze podutsa. Lamulo lawo linali lakuti chidebe chilichonse chithiridwe madzi pamaso pa wogula. Zanga ndinkazibisa kumbuyo kwa zina, zonyezimira bwino, zosathiridwapo madzi, ndipo akandifunsa ndinkati sindinamalize.

M'kalasi mwathu munali mtsikana wina wamtali amene aphunzitsi ankamuitana Esinala, koma ankachedwa kuvomera. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti nayenso dzinalo ndi lobwereka, ndipo iye anadziwa za ine. Sitinafunsane. Masamu ankamuvuta, choncho tikaweruka ndinkamuphunzitsa pa masitepe a siteshoni, ndikulemba pasimenti ndi khala. Anali wochedwa kumva, koma akalakwitsa ankangofufuta ndi chikhatho n'kuyambanso, osachita manyazi. Ndinkamuseka kuti atha makala a tauni yonse. Ndinkamukonda, ndipo zimenezinso ndinazibisa kumbuyo kwa zina.

Pasukulu imeneyo panalinso mtengo wa kesha ndi chitsulo chake. Woyang'anira anali wina, wamfupi, koma jekete inali yomwe ija. Ulendo uno ndinalowa. Ndinakhala pa desiki, ndinalemba Filimoni ndi nambala yake, n'kutembenuza pepala. Funso loyamba ndinkalidziwa. Lachiwiri ndinkalidziwa. Ndinayang'ana mpaka pansi ndipo panalibe londivuta, ndiye apo m'pamene mantha enieni anandigwira. Ndikalemba zonsezi bwinobwino, wowerenga uja n'kundidumphanso, ndidzanamizira chiyani? Ndinaika cholembera pansi. Ndinauza wa jeketeyo kuti m'mimba mwandipotokola, ndipo anandiperekeza ndi maso mpaka pakhomo. Kunja dzuwa linali lowala bwino, amayi ena akugulitsa zitumbuwa pansi pa mtengo, ndipo palibe amene anadziwa zimene ndinali nditangochita.

Esinala anasankhidwa. Tsiku limene ankapita anadutsa pamene tinkakhomera zidebe kudzanditsanzika, ine ndinabisala kuseri kwa malata mpaka anatopa kudikira. Ndinamva sitima ikulira, ndipo ndinakhoma nyundo mwamphamvu kuti ndisaimve.

Nyengo ya maina ikafika ndinkathawa malo aliwonse pamene pali wailesi. Koma ola lake ndinkalidziwa, ndipo kulikonse kumene ndinali ndinkawaona mayi ali pamphasa, akumvera dzina la mwana amene sanalembe kanthu.

Zaka za pambuyo pake zinalowanalowana. Misewu yonse inkafanana, ndipo nthawi zina ndinkafika pamudzi wachilendo agalu ake n'kundigwedezera mchira ngati ndinakhalapo kale. Ndikukumbukira esiteti ya fodya, mapiri kumbuyo kwake, ndi chigafa chachitali mmene tinkakhala pansi kusankha masamba, awa ofiirira, awa oderako, awa ong'ambika. Kumeneko ndinali Zakeyu. Kapitawo anati ndili ndi diso, ndipo zinali zoona, ndinkatha kuona tsamba labwino ndili patali. Ndinaonanso kuti belo la fodya likadzadza, tsamba labwino lotsala limakankhidwira pambali pamodzi ndi ong'ambika, popanda mlandu uliwonse. Kuona zimenezi sikunandithandize. Chaka chimenecho mayeso ndinawaonera pachulu, patsidya pa bwalo la mpira, ana akulowa mmodzimmodzi pansi pa mtengo wa kesha. Ndevu zinali zitayamba, ndipo ndinkazipala m'mawa uliwonse ndi lezala lothyola pakati.

Kenako panali chaka, kapena ziwiri, pamene sindinalembetse n'komwe. Ndinkasenza matumba pa chigayo china, mabuku anga ali m'jumbo pansi pa mphasa, chiswe chikuphunzira m'malo mwanga. Koma kalata ndinatumiza. Ndinatola dzina pa chikwangwani cha okala ina, Lazaro, ndipo ndinalembera mayi kuti chaka chino zinthu zili bwino, amvere limeneli. Pa zoipa zonse zimene ndinachita m'maulendo anga, ichi ndicho chimandiwawa kwambiri, chifukwa ndinachichita ndi dzanja losanjenjemera.

Pa msika wina wa pamphambano ndinakumana ndi a Thombozi, bambo wa kwathu amene ankayenda m'misika kugulitsa mipini. Anandizindikira ndi mayendedwe. Ndinayesa kuzemba kuseri kwa mulu wa kabichi koma anali atandigwira kale dzanja. Anandiuza za maliro, za mlatho umene unakokoloka, za amalume amene tsopano ankadziwanso za ndale. Kenako anati mayi anga, a Nachanza, akumasekedwa m'mudzi. Kutchalitchi akamapempherera ana awo amatchula Yotamu, Filimoni, Zakeyu ndi Lazaro, pamene aliyense akudziwa kuti anabereka mmodzi. Wailesi sakuitulutsanso pabwalo. Amamvera okha m'nyumba, ataigunditsa kukhutu.

"Makutu akutha, mphwanga," anatero a Thombozi. "Chaka chino amva mwa apo ndi apo. Chaka chamawa kaya. Ngati uli nalo dzina loti lituluke, litulutse msanga."

Ndinawafunsa ngati mayi ankadandaula za ine. Anati ayi, amangoti mwana wawo ali ndi tsoka ndi wowerenga. Ndinakhala pansi pomwepo pafumbi, anthu akundilambalala ndi madengu awo, ndipo ndinadzida kwambiri.

Tauni yomaliza inali ya msewu umodzi, masitolo mbali zonse, ndipo pakhonde la sitolo ina pankakhala a Nasiyaya ndi makina awo osokera. Anali mayi wapakamwa, wosadziwa kunong'ona. Anandilemba kuti ndizisita ndi kusoka mabatani, kenako anandiphunzitsa kupalasa makina, kuyeza munthu osamuchititsa manyazi, ndi kujambula pansalu ndi choko. Zonsezi ndinazigwira msanga. Koma akandipatsa sizasi ndinkapeza chifukwa: choko chafufutika, ndiyezenso kaye, mwini nsalu mwina asintha maganizo. Tsiku lina anandiikira patebulo nsalu ya mayi wina yokavala ku chinkhoswe, anakhala pampando, n'kupinda manja.

"Dula."

"Nanga ndikalakwitsa, amayi?"

"Ukalakwitsa utukwanidwa, ndipo ine nditukwanidwa nawe. Unamvapo kuti telala waikidwa m'manda chifukwa cha mkono wa bulauzi? Dula, ndili ndi zochita."

Ndinadula, ndipo ndinalakwitsa. Mkono umodzi unafupika ndi zala ziwiri. Mwini nsalu anabwera, anatilalatira mpaka anthu anatuluka m'masitolo, anatchula ife ndi makolo athu omwe, kenako anatenga bulauzi yake n'kumapita. A Nasiyaya anayasamula n'kundituma kukagula ulusi. Ndikuyenda mumsewu umenewo ndinadabwa kuti miyendo ikuyendabe ndipo dzuwa lili pomwe linali. Nditabwerako ndinawauza zonse, maina onse ndi zitseko zonse zimene ndinathawa.

Anandikalipira mpaka mawu anawathera, kenako anandiuza za Elifala. Mng'ono wawo ndi mwamuna wake anamwalira zaka zapitazo, n'kusiya mwana mmodzi, Elifala Kamchacha, amene anafika Sitandade 7 pasukulu ya pamenepo, kenako anatsatira anzake kukafuna ntchito kummwera osamvekanso. Dzina lake linali likadali m'kaundula, loyera, losabwerezapo. Atanditengera kusukuluko kukapempha dzinalo, mphunzitsi wamkulu anandiyang'ana chibwano nthawi yaitali. Koma panali patapita zaka sukulu yawo isanamveke pa wailesi, ndipo atandiyesa masamu anavomera. Anandichenjeza kuti kuyambira tsiku limenelo ndine Elifala m'zonse, ndi makolo ake omwe, chifukwa zikadzaululika ine ndidzachotsedwa kulikonse kumene ndidzakhale, ndipo iwo ntchito idzawathera. Ndinavomera mosaganiza, ndipo dzinalo ndinawatumizira mayi. Maina ena aja anali opanda kanthu m'kati, ndipo sindinaone kuti ili labwera ndi manda awiri.

Mtengo wa kesha unalipo, chitsulo chinalira, jekete inaima pakhomo. Mantha anabwera monga kale, sanachepe ngakhale pang'ono, ndipo amene amati mantha amatha sanawaonepo. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsiku limenelo a Nasiyaya anafunditsa makina awo nsalu n'kudzakhala pa njira ya kuchimbudzi ndi ambulera m'manja. Ndinalowa. Ndinkadziwa kuti wowerenga akhoza kundidumphanso ndipo sindidzakhala ndi pothawira, komabe ndinalemba. Ndinalemba masiku atatu onse, mpaka funso lomaliza.

Dzina linatuluka. Ndinalimva ndili pakhonde, pa wailesi ya mwini sitolo, ndikusita buluku la munthu. A Nasiyaya anavina mpaka mumsewu. Ine sindinasangalale monga ndinkayembekezera, ndinangomva kutopa kwa zaka zonse zija, ndi chisoni poona kuti chinthu chimene ndinachithawa nthawi yonseyo chinali cha masiku atatu okha. Kwathu, monga ndinamvera pambuyo pake, mayi anatuluka m'nyumba wailesi ili m'manja, akululuta nthungululu okha, anthu n'kumafunsana kuti Elifala ndi mwana wa yani.

Kalata ya kusukulu inabwera. Inati popeza Elifala ndi mwana wamasiye, bungwe lina la mpingo limulipirira zonse, angobwera ndi bokosi, bulangeti ndi ndowa. Mphunzitsi wamkulu anandiwerengera mawu akuti wamasiye kawiri, akundiyang'ana m'maso.

Ndinapita kwathu koyamba chichokereni. Mayi anali atachepa thupi. Anandigwira nkhope ndi manja onse awiri n'kuseka ndevu zanga, ati mwana wa Fomu 1 wotani ameneyu. Amalume anabwera kudzalandira ulemu wawo, akuuza aliyense kuti kanthu n'khama, phwiti anakwata njiwa, ngati kuti khamalo linali lawo. Atapita, ndinakhala ndi mayi pakhonde akutongola chimanga. Ndinawauza kuti Yotamu sanalowe m'chipinda cha mayeso, Filimoni anatuluka, Zakeyu anaonera pachulu, ndipo Lazaro kunalibe. Ndinanena zonsezi ndi mawu apansi, nditayang'ana kumbali, ndikudziwa bwino kuti sakumva. Mantha anga anali asanapite patali.

Za kalata zokha ndinakuwa pafupi ndi khutu lawo. Ndinati mwana wa m'kalatayu alibe mayi, ndipo kusukuluko akadziwa kuti ndili nawo andibweza. Anandiyang'ana pakamwa mpaka ndinamaliza. Ndinawonjezera kuti ndikhoza kuwasiya malowo, ndilembenso chaka chamawa ndi dzina langa lenileni, popeza tsopano ndikudziwa kulowa.

"Ndidzamvere ndi makutu ati?" anandifunsa.

Anati ine ndipita basi kusukuluko, ndipo iwo apita nane. Zaka zonsezi akhala akuifuna sukulu imeneyi ndi makutu, tsopano akufuna akaione ndi maso, kamodzi kokha. Ndinawakaniza, amalume anawakaniza, koma munthu wosamva savutika kukana mawu. M'mawa wa ulendo ndinawapeza atapinda kale nkhata, bokosi langa lili pamutu.

Tinakwera basi, kenako lole, kenako tinayenda pansi mumsewu wafumbi wa mitengo ya bulugamu mbali zonse. Bokosi anakana kundipatsa. Njira yonse milomo yawo inkagwedera, ndipo ndinkayesa akupemphera.

Pasukulupo panali mzere wa ana ndi makolo awo, ana enieni, a masaya osalala. Pakhomo la ofesi panali tebulo ndi kalaliki wovala magalasi, amene ankafunsa aliyense dzina lake ndi amene wabwera naye. Itakwana nthawi yanga ndinati Elifala Kamchacha. Anayendetsa chala m'buku mpaka analipeza, anawerenga zolembedwa pambali pake, kenako anayang'ana mayi n'kutsegula pakamwa kuti afunse. Mayi sanadikire funso, popeza sakanalimva. Anatula bokosi pansi, anaima chilili, ndipo ananena ndi mawu okweza a munthu wosadzimva zimene anakhala akuloweza njira yonse.

"Ine si mayi ake. Mayi ake anamwalira kalekale. Ine ndangomusenzera bokosi."

Mzere wonse unatembenuka. Kalaliki anagwedeza mutu, nati anthu a mtima wotere akusowa masiku ano, osamala ana a eni ngati awo. Anachonga m'buku. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Nanga iwe wangoima? Athokoze azipita, kwawo n'kutali."

Ndinati zikomo kwambiri, ndikuwomba m'manja monga timachitira kwa mlendo. Anawerenga pamilomo panga. Nawonso anawomba m'manja, anawerama pang'ono, n'kutola nkhata yawo pansi. Anayang'ana nyumba za sukuluyo kamodzi, kuyambira uku mpaka uko, ndipo anatembenuka kulowera kumsewu wafumbi uja. Kalaliki anaitana Elifala kawiri kuti achotse bokosi lake panjira anzake adutse, ndipo ndinalinyamula.